Mphaka wamkulu watsopano akuzunza mphaka wakale wa pakhomo: ndiyambire pati?

Nachisale, Area 25, Lilongwe:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene anasungapo amphaka awiri akuluakulu m'nyumba imodzi. Pakhomo panga pali mphaka wamkazi wa zaka 6 amene ndakhala naye kuyambira ali kamwana, ndipo anachitidwa kale opareshoni yoletsa kubereka. Posachedwapa mchemwali wanga wasamukira ku Johannesburg kukagwira ntchito, choncho wandisiyira mphaka wake wamwamuna wa zaka pafupifupi 3, yemwe ndi wosafula. Atangoonana pabalaza, wamkazi uja anaimitsa ubweya n'kuyamba kulira chapakhosi, ndipo wamwamunayo anamuthamangitsa mpaka kuseri kwa firiji. Kuchokera pamenepo wamkazi akudya pang'ono kwambiri, akukhalira kubisala pansi pa bedi, komanso wina mwa awiriwa wayamba kukodzera khoma pafupi ndi khomo lotulukira. Kodi ndiwasiye kuti azolowerane okha, kapena pali njira ina imene ndingatsate? Sindikufuna kupereka kwa anthu ena mphaka amene mchemwali wanga wandisungitsa, koma sindikufunanso kuti wa pakhomo athawe kwawo chifukwa cha mlendo.

Bambo Gondwe, Mzuzu:

Mayi Nachisale, choyamba alekanitseni lero lomwe, ndipo muchite ngati sanaonanepo. Mlendoyo mumutsekere m'chipinda chimodzi momwe muli chakudya chake, madzi ake, beseni la mchenga loti azidzithandiziramo, ndi katoni yoti azibisalamo. Wa pakhomo mumusiyire nyumba yonse yotsalayo monga anazolowera, chifukwa iye ndi amene walandidwa malo.

Chimene chimavuta n'chakuti timawayesa amphaka ngati agalu. Galu ndi nyama ya m'gulu, ndipo akakumana ndi mnzake amakhala ndi njira zambiri zosonyezera kugonja kuti ndewu ithe. Mphaka wa pakhomo anachokera kwa mphaka wa kutchire, wa mtundu wa vumbwe, amene amasaka yekha ndipo amateteza dera lake. Amphaka akakhala pamodzi mwa kufuna kwawo, kawirikawiri amakhala aakazi apachibale, mayi ndi ana ake, amene akulira limodzi ndipo fungo lawo linasakanikirana kale. Wamkulu wachilendo akangotulukira pabalaza, wa pakhomo amaona wolanda chakudya ndi pogona.

Chifukwa chake fungo liyenera kutsogola, maso abwere pambuyo. Mphaka akamakhula masaya ake pamwendo wa mpando kapena pamwendo wanu, amakhala akusiyapo fungo lochokera m'timatumba ta m'masayamo, ndipo fungo limenelo limamuuza kuti pamalopo ndi pake ndiponso ndi pabwino. Tengani kansalu koyera, mupukute nako masaya a mlendoyo, kenako mukakasiye pamene wa pakhomo amadutsa, osamukakamiza kuti akanunkhize. Ndi kansalu kena muchite chimodzimodzi kuchokera kwa wa pakhomo kupita kwa mlendo. Zitenje zakale zimene amagonera muzizisinthanitsa. Poyamba wamkaziyo akhoza kukalipira nsaluyo kapena kuilambalala. Mukadzaona kuti akuinunkhiza n'kumapitiriza ulendo wake mosalabadira, dziwani kuti gawo limenelo latha.

Pamene mukuchita zimenezi, muziwapatsa chakudya nthawi imodzi, wina mkati wina kunja kwa chitseko chotseka. Muyambire patali ndithu ndi chitsekocho, ndipo mbale muzizisendeza pang'onopang'ono malinga ndi mmene akudyera. Wina akasiya kudya, ndiye kuti mwayandikitsa msanga, bwezani mbale kumbuyo. Nthawi zina muziwasinthanitsa malo, mlendo ayendere nyumba pamene wa pakhomo akununkhiza m'chipinda cha mlendo, koma asakumane panjira. Akamadya modekha chitseko chili pakati, ndiye mungatsegule kampata kochepa koti aonane koma osadutsa, kapena muike sefa ya waya pakhomopo. Kukumana kwenikweni kumabwera komalizira, kwa mphindi zochepa, inu muli pomwepo, ndipo muziwalekanitsa zinthu zisanafike poipa. Kwa amphaka ena zonsezi zimatenga milungu iwiri kapena itatu, kwa ena miyezi ingapo, ndipo amene amalamula liwiro ndi mphaka wamantha kwambiri mwa awiriwo.

A Mbewe, Dedza:

Ine ndikuona ngati nkhaniyi tikuikulitsa. Kumudzi kwathu amphaka amabwera ndi kupita, amakandana tsiku loyamba, kenako aliyense amadziwa malire ake, wina kunkhokwe wina kukhitchini, ndipo palibe amene amawapukuta masaya ndi nsalu. Asiyeni athane okha, wamphamvu adzadziwika ndipo mtendere udzabwera. Chimodzi chokha chimene ndingachenjeze n'chakuti mlendoyo musamutulutse panja msanga. Mphaka amakonda kwambiri malo amene anawazolowera, ndipo ngati nyumba imene mchemwali wanu ankakhala ili mu Lilongwe momwemo, akhoza kuyamba ulendo wobwerera kwawo kwakale n'kukagundidwa ndi galimoto panjira. Msungeni m'nyumba milungu itatu kapena inayi.

Mayi Chirwa, Blantyre:

A Mbewe, pa zosunga mlendo m'nyumba mwanena zoona, koma pa zowasiya kuti amenyane sindikugwirizana nanu. Kumudzi wogonja amakhala ndi kothawira, amasamukira kwa aneba kapena kudimba, ndipo anthu amati agwirizana pamene kwenikweni mmodzi wachoka. M'nyumba ya m'tauni yotseka zitseko, wogonja alibe kopita, n'chifukwa chake wa Mayi Nachisale akukhalira pansi pa bedi. Ndewu iliyonse imene yachitika imawonjezera mantha, ndipo mphaka saiwala msanga amene anamuopseza.

Mayi Nachisale, m'funso lanu muli zinthu ziwiri zimene zandidetsa nkhawa kuposa ndewuyo. Choyamba ndi kusadya kwa wamkaziyo. Mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku awiri kapena atatu osadya, mafuta a m'thupi amayamba kudzadza m'chiwindi, ndipo matenda amenewa amapha. Mukangowalekanitsa, muikireni chakudya pafupi ndi pamene akubisala, chakudya chofunda pang'ono cha fungo lamphamvu monga usipa wophika wopanda mchere. Akapitiriza kukana, musadikire, pitani naye kwa dokotala wa ziweto.

Chachiwiri ndi chakuti wamwamunayo ndi wosafula. Mkodzo wa pakhoma, wothiridwa mphaka ali chiimire mchira uli m'mwamba, ndi chidindo cha malire, ndipo ngakhale wamkazi wopanikizika akhoza kuchita zimenezi, amene amakonda kutero ndi wamwamuna wosafula. Kumufula kumathetsa kapena kuchepetsa khalidweli mwa amphaka aamuna ambiri, komanso kumachepetsa kuyendayenda ndi ndewu, ngakhale kuti pamapita milungu ingapo opareshoni itachitika kuti kusinthaku kuoneke. Milungu imeneyo ndi yomwe akuyenera kukhala m'chipinda chake, choncho simutaya nthawi. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA komanso madokotala ena a ziweto amene amagwira ntchito imeneyi. Muli komweko, mupemphe kuti amuyeze magazi ngati ali ndi FIV kapena FeLV, omwe ndi matenda a amphaka ofooketsa chitetezo cha m'thupi. FIV imafala makamaka polumana, ndipo imapezeka kwambiri mwa amphaka aamuna osafula amene amayenda kunja. FeLV imafala kudzera m'malovu, ponyambitana ndi podyera mbale imodzi. Matenda awiri onsewa sagwira anthu, koma wa pakhomo akhoza kutenga. Katemera wa chiwewe akhale wa nthawi yake kwa onse awiri, popeza kuno kwathu chiwewe chikadalipo ndipo mphaka nayenso amachitenga. Apatsidwenso mankhwala a njoka zam'mimba ndi a utitiri, koma akhale olembedwa kuti ndi a amphaka, chifukwa mankhwala ena a utitiri a agalu ali ndi permethrin amene ndi poizoni kwa mphaka. Panado nayenso amapha mphaka, musayerekeze kumupatsa ngakhale atavulala.

Mupapase wamkaziyo thupi lonse, makamaka kumchira ndi m'khosi. Dzino la mphaka limaboola kabowo kakang'ono kamene kamatsekeka msanga pamwamba, ndipo pakapita masiku ochepa pamatuluka chithupsa cha mafinya. Akadzagwirananso, musalowetsepo dzanja, chifukwa mphaka wokwiya amaluma aliyense amene ali pafupi ndipo bala lake limatukusira msanga. Ikani katoni yaikulu kapena pilo pakati pawo kuti asaonane.

Nachisale, Area 25, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse. Mlendo ndamutsekera m'chipinda cha alendo, ndipo wamkazi watuluka n'kudya. Funso langa lotsala ndi la pambuyo pake: akadzayamba kukhala limodzi, kodi angathe kugwiritsa ntchito mbale imodzi ndi beseni limodzi la mchenga? Nanga ndidzadziwa bwanji kuti tsopano agwirizanadi?

Bambo Gondwe, Mzuzu:

Mbale imodzi ayi, ngakhale patapita zaka. Madokotala a ziweto amalangiza kuti mabeseni a mchenga azikhala ochuluka ngati amphaka, kuwonjezerapo limodzi, ndiye kwa inu ndi atatu, ndipo asaikidwe pamalo amodzi, chifukwa mphaka wamphamvu amatha kungogona panjira yopita kumeneko, osamenya aliyense, mnzake n'kumaopa kudutsa mpaka kukadzithandizira pakapeti. Chakudya ndi madzi zikhalenso m'malo osiyana. Ngati nyumba ndi yaing'ono, yang'anani m'mwamba: pamwamba pa kabati kapena pawindo pakhale poti wamantha angakwere n'kumaona mnzake ali patali. Pomwe khoma linakodzeredwa musatsukepo ndi mankhwala a ammonia, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limamukopa kuti akodzerepo kachiwiri. Sopo wa ufa wochapira ndi madzi ofunda amathandiza bwino.

Pa za kugwirizana, musayembekezere kuwapeza atagona pamodzi akunyambitana. Ena amafika pamenepo, koma amphaka ambiri amene akumana ali akuluakulu amangofika polekererana: amadutsana pakhomo osaimitsa ubweya, wina akugona pampando mnzake ali pawindo, aliyense akudya ndi kudzithandiza mosaopa. Kukalipirana kwa apo ndi apo kulibe vuto ngati kukuthera pomwepo. Zoyenera kukudetsani nkhawa ndi kuthamangitsana kosalekeza, kuyang'anitsitsana kwa nthawi yaitali, ndi mmodzi kubwereranso kobisala. Zikatero mubwerere ku gawo la chitseko chotseka. Pakatha miyezi ingapo wamwamunayo atafulidwa, wamkazi n'kukhalabe wamantha ndi wowonda, pamenepo mukambirane ndi mchemwali wanu zomupezera mlendoyo khomo lina kumene kulibe mphaka.