Ndikufuna kuyamba kosi ya Divemaster, ndilimbikire pati?

Mwanawamadzi:
Moni nonse abale. Ndakhala ndikudayiva (kusambira pansi pa madzi ndi thanki ya mpweya) zaka ziwiri tsopano, Rescue Diver ndinamaliza chaka chatha ndipo mu logbook mwanga muli madayivi 43, ndiye ndikhoza kuyamba Divemaster (kosi yotsogolera odayiva) ya PADI, bungwe lopereka masatifiketi a odayiva, poti amafuna 40 poyamba ndi 60 pomaliza. Satifiketi ya first aid ndi CPR ilipo sinakwane miyezi 24, kwa dokotala ndikupita sabata ya mawa. Koma mtima ukundigunda ndi mayeso osambira aja, makamaka mamita 400 opanda ma fins ndi zija zoyandama mphindi 15 kenako kumapeto manja kunja kwa madzi. Kusambira ndimasambira koma liwiro ndilibe. Inu amene munadutsamo ndithandizeni, miyezi itatu yatsalayi ndizingokhalira mu pool kapena pali zina zimene zimagwetsa anthu zomwe sitimauzidwa?

Kadziwe40:
Achimwene musadandaule kwambiri ndi 400 ija. Mayeso a m'madzi alipo asanu, 400 yosambira, kuyandama mphindi 15, 800 ndi masiki, snorkel ndi ma fins osagwiritsa manja, kukoka munthu wotopa mamita 100, ndi kusinthana zida pansi pa madzi. Chilichonse amapereka mapointi kuyambira 1 mpaka 5 ndipo onse pamodzi akwane 15, ndiye mukachedwa pa 400 mukhoza kukabweza pa 800 kapena poyandama.

Chimene ine ndingati muyambe mawa lomwe ndi buoyancy. Muzitha kuima malo amodzi m'madzi osagwedeza manja, osapalasa miyendo, kukwera pang'ono ndi kutsika pang'ono ndi mpweya wa m'mapapo basi, osamangodina batani la BCD, jekete lija limene timapopamo mpweya kuti tiyandame. Pali ma skill 24 amene mumayenera kuwonetsa, ndipo kuwonetsa ndi kuchita nzosiyana kwambiri. Kuchotsa madzi mu masiki mumadziwa kale mumachita mu sekondi ziwiri, koma kumeneko akufuna muchite pang'onopang'ono moti munthu amene sanawonepo aone pomwe mwagwira ndi zala, aone mukukweza mutu, aone mpweya ukutuluka m'mphuno. Ine ndinkayeserera pagalasi kunyumba madzulo aliwonse, manja okha popanda madzi, ndipo zinandithandiza zedi.

Nanyanja_Instr:
Ndikugwirizana ndi a Kadziwe pa buoyancy, koma ndikuuzeni chifukwa chake chenicheni mchimwene wanga. Ngati mutu wanu udakali pa thupi lanu, kuti ndikutsika kapena ndikukwera, mulibe maso oyang'anira anthu ena, ndipo ntchito yonse ya Divemaster ndi maso. Ndaphunzitsa ambiri osambira ngati nsomba koma akatsogolera gulu amangoyang'ana kutsogolo ngati ali okha, kutembenuka ayi.

Munthu wa mantha amaoneka asanalowe n'komwe m'madzi. Wina amangoti zii mu boti, wina amalongolola kwambiri, wina wamanga regulator (chida chopumira) mozondoka kawiri koma akuti ali ndi madayivi ambirimbiri. Pansi pa madzi yang'anani maso mkati mwa masiki ngati atong'oka, thovu ngati likutuluka motsatizana osapumira, dzanja ngati lakakamira pa inflator, batani lopopera BCD lija. Tsiku lina ndinali ndi bambo wina pa mamita 18, ndikamufunsa amangondipatsa chizindikiro cha OK mwachangu osandiyang'ana n'komwe, koma thovu lake linali ngati madzi akuwira. Ndinasendera pafupi nkugwira ndekha geji yake yowonetsa mpweya wotsala mu thanki, inali pa 40 bar pamene anzake onse anali pamwamba pa 110. Ndinamugwira lamba wa BCD, nkumuyang'ana m'maso mpaka kapumidwe kake kanatsika, tinakwera limodzi pang'onopang'ono nkuima mphindi 3 pa mamita 5 octopus yanga (chopumira chachiwiri chopatsa mnzako) ili m'manja mwanga yokonzeka. Titatuluka anandiuza kuti amachita manyazi kunena kuti mpweya ukutha poopa kuwonongera anzake dayivi. Kuyambira tsiku limenelo wina aliyense ndimamufunsa nambala ya pa geji, OK yekha sindimulandira, ndipo ndimafunsa koyamba pasanathe mphindi 10 kuti ndidziwe msanga amene akumwa mpweya kwambiri.

Ndiye madayivi 17 amene akutsalirani kuti mukwane 60 wo musangowatha powerenga nambala. Pemphani kuti muzikhala kumbuyo kwa gulu, muziwerenga anthu mphindi iliyonse, muziyerekeza mumtima kuti uyu ali ndi bar zingati kenako mufunse muone ngati munalondola.

Chikwatu_DM:
Zonse zanenedwazi nzoona koma ine ndisiyaneko pang'ono ndi a Kadziwe, mphamvu musazipeputse. Kukoka munthu mamita 100 pa mayeso madzi amakhala abata, tsiku lenileni pamakhala mafunde, boti lili patali, munthuyo ndi wolemera kuposa inu ndipo mwina mukumupumira mpweya uku mukukoka. Muzisambira katatu pa sabata, zikwanira.

China, mabuku. Physics ndi physiology anthu amaziloweza kuti akhoze mayeso basi, koma mlendo akakufunsani chifukwa chake sitigwira mpweya pokwera muzitha kumuuza mosavuta kuti pa mamita 10 pressure imakhala 2 bar, ndiye mpweya umene wakoka pamenepo ukafika pamwamba umakula kawiri ndipo mapapo akhoza kuphulika. Ndi lamulo la Boyle limenelo, ndipo ndi chifukwa chake mamita 10 omaliza ndi amene ndimayang'anitsitsa anthu kuposa pansi penipeni. Mudziwenso za narcosis, kusokonezeka mutu ngati waledzera chifukwa cha kuya, imene imayamba kumveka cha pa mamita 30, komanso kuti munthu akadayiva kangapo asakwere ndege pasanathe maola 18, alendo amafunsa zimenezi pafupifupi tsiku lililonse.

Mudzajambulanso mapu a malo odayivira ndi kulemba emergency plan, oxygen ili pati, amene adzaimbe foni ndani, chamber yapafupi (chipinda cha pressure chochizira odayiva) ili kuti, nambala ya DAN, bungwe lothandiza pa ngozi za odayiva. Briefing yanu ikhale yaifupi, anthu akavala wetsuit padzuwa samva zambiri. Ndipo dziwiranitu kuti Divemaster sapereka satifiketi ya Open Water, kosi ya oyamba kumene ija, imeneyo ndi ya instructor, inu ntchito yanu yambiri ndi kutsogolera, kuthandiza m'kalasi ndi kunyamula mathanki m'mawa anthu asanafike.

Mwanawamadzi:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. A Nanyanja nkhani ya bambo uja yandikhudza chifukwa inenso ndinabisapo geji yanga ndili pa Open Water, mantha omwewo. Loweruka ndili ndi madayivi awiri, ndapempha kale kuti andiike kumbuyo kwa gulu ndipo ndikatenga slate ndizikalemba bar za aliyense mmene ndikuganizira ndisanafunse. Pool ndiyamba Lolemba.