Nyongolotsi zikungofa pulakitiko isanafike

Mphunzitsi wa ku Santhe: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Lachinayi likudzali ndili ndi pulakitiko ya Fomu 3, ndikufuna ana aone okha momwe nyongolotsi imayendera ndi momwe imathawira kuwala. Sabata yatha anyamata anakumba kudimba n'kubwera nazo 30, zonenepa bwino. Ndinaziika m'ndowa yakuda ya malita 20, ndinathiramo dothi, madzi ndi gaga wodzadza manja awiri, n'kuvindikira. M'mawa uno potsegula ndangolandiridwa ndi fungo. Zambiri zasungunuka, zina zinakwera m'mbali mwa ndowa n'kuumira pomwepo. Aka n'kachiwiri. Ndikulakwitsa pati?

Madamu a ku Kamwendo: Pepani achimwene. Ndowayo inali pati? Nanga madzi munatunga kuti?

Mphunzitsi wa ku Santhe: Inali mu labu pafupi ndi zenera. Madzi ndi a mumgolo womwera ana, aja timathiramo klorini.

Madamu a ku Kamwendo: Ndiye zaphikidwatu izo. Okutobala uno, pansi pa malata, m'ndowa yakuda, yovindikira. Nyongolotsi ilibe mapapo, imapumira pakhungu, ndipo khungulo liyenera kukhala lonyowa komanso lozizira. Mukathira madzi mpaka dothi kusanduka matope, mpweya wa m'kati umatha, n'chifukwa chake mwaona zina zikukwera m'mbali, zimathawa. Gaga wochuluka choncho akanyowa amasasa, amatentha, n'kumaliza mpweya wotsalawo. Klorini naye amawotcha khungu.

Ine ndimasungira mumtsuko wakale wong'aluka pansi. Mtsuko umaziziritsa wokha monga umachitira ndi madzi akumwa. Ndimaika dothi la pomwe ndazikumbapo, kusakaniza ndi masamba owolerana ndi manyowa a ng'ombe akale, aja asanduka akuda osanunkhanso. Pamwamba chiguduli chonyowa, osati chivindikiro. Chinyontho ndimayesa ndi dzanja: ndikafinya dothi ligwirane, patuluke kadontho kamodzi kapena tiwiri basi. Likamachucha ndiye kuti mwaonjeza. Gaga ndimangowaza kotsina ndi zala zitatu kamodzi pa sabata, ndipo sindionjezera woyambayo asanathe. Madzi a pa mjigo ndi abwino. Ngati muli ndi a klorini okha, asiyeni m'beseni losavindikira tsiku lathunthu.

Bambo a ku Chamama: Koma mukudzivutitsiranji? Ine ndimangotuma ana kukakumba m'mawa wa tsiku lomwelo. Zosunga izi n'zotayitsa nthawi.

Madamu a ku Kamwendo: Nthawi ya dzinja ndi zoona bambo. Koma panopa nthaka yauma gwa, nyongolotsi zalowa pansi kwambiri, zina zadzikulunga n'kungokhala chete kudikira mvula. Chaka china ndinadalira zomwezo, ana anabwerako ndi zitatu, ziwiri zoduka ndi khasu, kalasi ya ana 80. Komanso pulakitiko imodzi siikwana. Mukafuna kuonetsa momwe zimasakanizira nthaka, mumafunika botolo lagalasi la mizere ya mchenga ndi dothi lakuda, lokulungidwa ndi pepala lakuda, likhale sabata kapena ziwiri.

Mphunzitsi wa ku Chulu: Ndionjezereko pa zokumba. Musatenge dothi la m'munda wa fodya kapena m'dimba lomwe apoperamo mankhwala posachedwa, ngakhale nazale. Feteleza naye amaziyamwa madzi m'thupi ngati mchere. Kumbani pansi pa nthochi, podutsa madzi a pa mjigo, kapena pa mulu wa manyowa. Tinyongolotsi tofiira tating'ono ta pamanyowa timapirira m'chiwiya kuposa zikuluzikulu za m'dambo zija, chifukwa zikuluzikuluzo zinazolowera kuboola pansi patali. Yovulala musaiike pamodzi ndi zinzake, ikaola imaononga zonse. China ndi linthumbu. Ine linandimalizira zonse usiku umodzi. Tsopano mtsuko ndimaukhazika pa njerwa, njerwayo ili m'beseni la madzi.

Wothandizira mu labu, Mchinji Boma: Poti nkhani yayambika, nanga tizilombo ta m'madzi tija, daphnia? Ndikatunga kudambo timakhala tambiri m'botolo, tikudumphadumpha, koma pakatha masiku atatu tonse tili pansi.

Madamu a ku Kamwendo: Botolo limachepa kukamwa. Ikani m'beseni lotambalala, pamthunzi poti kuwala kumafikako pang'ono. Timadya ndere zosaoneka ndi maso zomwe zimabiriwitsa madzi, ndiye sungani chidebe china cha madzi obiriwira muzitapamo. Ena amagwiritsa ntchito yisiti wa mandasi, koma kochepetsetsa, kongoti madzi achite mbuu pang'ono. Musadyetsenso mpaka ayere. Ndi nkhani yomweija ya gaga, chakudya chikachuluka mpweya umatha. Phindu la daphnia n'lakuti thupi lake ndi loonekera m'kati, pa maikulosikopu mwana amaona mtima ukugunda. Ana anga amalimbirana kuti aonenso.

Mphunzitsi wa ku Chulu: Apa ndichondelere. Musatume ana kukalowa m'madzi a m'dambo kapena m'mphepete mwa mitsinje ya Bua ndi Rusa chifukwa cha pulakitiko. M'madzi odikha muja mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timaboola khungu. Tungani nokha ndi chitini chomangirira ku nsungwi, nkhono zonse muchotse. Besenilo mulifunditse neti yakale, apo ayi mukhala mukuweta udzudzu pa sukulu.

Bambo a ku Chamama: Za likodzozo mwanena zoona, sindinaziganizire. Mtsuko ndiyesa nanenso. Ine chomwe sichindivuta ndi anankafumbwe: chimanga chosathira mankhwala m'botolo, kansalu pakamwa, amakhala miyezi. Pa phunziro la kuwala ndi mdima amagwira ntchito bwino.

Mphunzitsi wa ku Santhe: Ndabwera kudzathokoza. Ndinabwereka mtsuko kwa amayi oyandikana nafe, ndinauika pansi pakona mu sitolo ya mabuku momwe muli simenti yozizira. Tinakumba 24 pansi pa nthochi Lolemba, lero zonse zinali zamoyo. Gulu lililonse linalandira imodzi pa pepala lonyowa, mphindi khumi zokha n'kuibwezera. Mtsikana wina anaiika kanthawi pa pepala louma n'kuyandikitsa khutu, anamva tiubweya take tikukanda pepalalo, anaitana kalasi yonse kuti idzamve. Madamu, botolo la mizere lija ndiyamba Lolemba. Muzikhala nyongolotsi zingati m'botolo la lita imodzi?

Madamu a ku Kamwendo: Zinayi kapena zisanu zakwana. Masamba owola pamwamba musaiwale.