Kodi mawu oti "akagonera" amatanthauza chiyani kwenikweni?

Wofunsa:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso lokhudza mwambi umene tonse timaudziwa, wakuti "mawu a akuluakulu akoma akagonera." Ndakhala ndikuutchula kuyambira ndili wamng'ono, koma masiku apitawa mnzanga wina anandidzudzula kuti ndinaugwiritsa ntchito pamalo posayenera, ndipo kuchokera tsiku limenelo mawu oti "akagonera" akundisowetsa mtendere.

Tinkakambirana za filimu yakale ya ku America yotchedwa On the Waterfront, imene inatuluka mu 1954. Anthu ambiri akamaikumbukira amathamangira kutchula chigawo cha m'galimoto, pamene mnyamata amene mbali yake anaisewera ndi Marlon Brando akudandaulira mkulu wake kuti ndiye anamuwonongera tsogolo lake pa masewera a nkhonya. Ine chimene chinanditsalira ndi china, ndipo n'chaching'ono kwambiri. Mnyamatayo akuyenda ndi mtsikana kunja kukuzizira, ndipo mtsikanayo, amene mbali yake anaisewera ndi Eva Marie Saint, akugwetsa golovesi lake loyera. Mnyamatayo akulitola, koma m'malo molibweza kwa mwini wake akukakhala pa katungwe wa ana, akuliseweretsa pang'ono, kenako n'kulivala m'dzanja lomwe lija linazolowera kumenya anthu. Mtsikanayo akuoneka kuti akufuna kuchoka, koma angachoke bwanji golovesi lake lili m'dzanja la wina? Macheza akungopitirira ngati palibe chachitika.

Tsiku limene ndinaonera filimuyi sindinaikeko mtima pa kanthu kameneka. Kanadzandibwerera patapita masiku angapo, ndipo mpaka lero ndikamva dzina la filimuyo chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi dzanja lija. Choncho ndinauza mnzangayo kuti kachigawo kameneka kanakoma katagonera, iye n'kundiyankha kuti mwambiwo sunena zimenezo. Ndiye ndithandizeni: chimene chimagonera n'chiyani, mawuwo kapena munthu wowamvayo? Nanga kukoma kumene akukunena pamenepa ndi kotani?

Mphunzitsi wopuma:

Bambo, mnzanuyo sanalakwe, ngakhale kuti inunso simunasochere kwambiri. Tiyambe ndi mawuwo. "Kugonera" kukuchokera ku mneni "kugona", ndipo timati chinthu chagonera ngati chadutsa usiku chisanathe kapena chisanagwire ntchito yake. Mlandu ukalephera kugamulidwa lero n'kuyembekezera mawa, timati wagonera, ndipo mlendo amene anabwera kuti adzangocheza masana koma kunja n'kumudera, nayenso wagonera. Tsono mu mwambiwu chimene chikugonera ndi mawuwo.

Koma mutu wa nkhani uli pakuti mawu amenewa amayamba awawa. Mkulu amalangiza, mwana amanyozera, ndipo pakapita nthawi zimene ananena zija zimachitikadi. Kukoma kwake ndi kwa munthu amene wazindikira mochedwa kuti anauzidwa zoona, n'chifukwa chake mwambiwu umayendera limodzi ndi uja wa wosamva amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Golovesi lanulo silinakulangizeni kanthu, inunso simunalikane. Komanso, popeza filimu imeneyi ndimaidziwa, Eva Marie Saint mwiniwake wakhala akufotokoza kuti golovesilo linangogwa mwangozi pamene ankayeserera, Brando n'kulitola, ndipo wotsogolera filimuyo, Elia Kazan, ataona zimenezo anafuna kuti azichitenso pojambula. Mawu a akuluakulu sagwa mwangozi chotero. Amanenedwa mwadala ndi munthu amene waona kale kumene njira ikupita.

Mayi wokonda mafilimu akale:

Aphunzitsi, pa malamulo a chiyankhulo sindingalimbane nanu, koma ndikuona ngati mwaupanikiza kwambiri mwambiwu. Mwanena kuti chimene chimagonera ndi mawu, ndipo pa kalembedwe ndi zoona. Komatu mawu akagona usiku wonse, m'mawa amadzuka ali omwewo, palibe chilembo chimene chawonjezereka. Amene wasintha ndi womva uja, chifukwa wakumana ndi zinthu zimene dzulo anali asanazidziwe.

Ndipereke chitsanzo changa. Mu filimu ya Casablanca, ya mu 1942, muli chigawo chimene asilikali a ku Germany akuimba nyimbo yawo m'malo achisangalalo, ndipo anthu ena onse akuwamiza poimba nyimbo ya fuko la France. Pakati pa nyimboyo kamera ikuima kwa kanthawi kochepa pa nkhope ya mayi wina wachitsikana, dzina lake mufilimumo Yvonne, amene posachedwa pomwepa tamuona akulowa m'malomo atatsagana ndi msilikali wa ku Germany. Akuimba misozi ili chuchuchu. Nditaonera koyamba ndinangoti ndi mmodzi mwa anthu odzaza malo, maso anga ali pa akatswiri otchuka aja. Patapita zaka ndinadzamva kuti mayiyo, Madeleine Lebeau, anali atathawa ku Paris mu 1940 pamodzi ndi mwamuna wake Marcel Dalio, amene anali Myuda, ndipo anadzera ku Lisbon, m'dziko la Portugal, njira yomwe ija anthu a mufilimumo akuilakalaka. Mwamuna wakeyo alinso mufilimu yomweyo, ndiye amene akuyendetsa tebulo la juga. Pamene ankajambula, dziko lawo linali lidakali m'manja mwa adani, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idzatha bwanji. Nditabwereranso kukaonera, masekondi ochepa aja anandilemera kuposa filimu yonse. Chigawocho sichinasinthe, ine ndi amene ndinali nditamva zimene ndinali ndisanamve. Ngati kumeneku si kugonera, aphunzitsi, mundiuze dzina lake.

Mphunzitsi wopuma:

Mayi, pa chitsanzo chanucho ndagonja theka. Munanyozera poyamba, kenako choonadi chinakupezani, ndipo mwambiwo ukhoza kufika pamenepo ngakhale palibe mkulu amene analankhula. Koma cha bambo aja n'chosiyana, chifukwa iwo sanadzamve chatsopano chilichonse. Kanthuko kanangowabwerera kokha.

Wofunsa:

Zikomo nonse awiri. Aphunzitsi, mwakhudza penipeni pamene pakundivuta, pakuti za kugwa mwangozi kwa golovesilo ndazimva lero kwa inu, pamene kachigawoko kakhala kali mwa ine kwa zaka. Zandikumbutsa filimu ina, Citizen Kane ya mu 1941, mmene nkhalamba ina yotchedwa Bernstein ikufotokozera mtolankhani zimene inaona mu 1896. Inali pa bwato lowolotsa anthu kupita ku New Jersey, ku America, ndipo pa bwato lina limene linkafika padoko panali mtsikana wovala diresi loyera, atanyamula ambulera yoyera. Inamuona kwa sekondi imodzi yokha, iye sanaione n'komwe, koma nkhalambayo ikuti sipanadutse mwezi isanamuganizire. Mtsikanayo sationetsa n'komwe, timangomva za iye, ndipo nkhani yaikulu ya filimuyo ikanayenda bwinobwino popanda mawu amenewa. Komabe anthu ambiri amene anaonera amakumbukira ambulera imene sanaione.

Pamenepa palibe malangizo amene anakanidwa, palibenso chimene nkhalambayo inadzamva pambuyo pake. Ngati "kugonera" sikukwanira, kodi m'Chichewa tili ndi mawu ati onena za chinthu chotere? Ndayesa "kukhazikika" koma akumveka ouma, ndipo "kumamatira" akumveka ngati chinthu chimene munthu akufuna kuchichotsa.

Mphunzitsi wopuma:

Bambo, mawuwo mwawatchula kale nokha m'kalata yanu yoyamba osazindikira, pamene munalemba kuti "chimene chinanditsalira." Ine ndikanati mtsikanayo anaitsalira m'maso nkhalambayo, monga mmene golovesi lija linakutsalirani inu. Chogonera chimayembekezera tsiku loti chigwire ntchito yake, pamene chotsalira chimangokhala, ntchito palibe. Koma ndisanaukanize mwambiwo kotheratu, mundiuze chinthu chimodzi, popeza filimu imeneyo ndinaionera kalekale: nkhalambayo ikamafotokoza za mtsikana uja, nkhope yake imaoneka ya munthu amene akumva kukoma, kapena ya munthu amene akumva kuwawa?

Wofunsa:

Ndimaganiza kuti ndikuikumbukira bwino, koma mwandifunsa ndapeza kuti m'maso mwanga muli ambulera yokha, nkhope ya nkhalambayo mulibe. Ndiionerenso usiku uno, ndidzakuyankhani mawa.