E. coli akutuluka wapepo pa Gram stain

Wofunsa: Anzanga, thandizeni. Mu labu tikupanga Gram stain, njira yopaka mabakiteriya utoto kuti tiwasiyanitse, koma bakiteriya wanga wa E. coli akuoneka wapepo pa maikulosikopu, pomwe m'kalasi aphunzitsi anati azikhala wapinki. Vuto lili pati?

Woyankha woyamba: Ndi pa alcohol pamenepo. Mukafulumira kutsuka ndi madzi, crystal violet, utoto wapepo woyamba uja, sachoka. Dontheziranibe alcohol mpaka madontho asiye kutuluka ndi mtundu, koma osapitirira, chifukwa mabakiteriya a Gram positive, omwe amayenera kutsala apepo, nawonso amasuluka.

Wachiwiri: Onaninso smear yanu, ija mumapaka pa silaidi. Ambirife timatapa zochuluka ndi loop, kawaya kotapira mabakiteriya, ndiye smear ikakhuthala alcohol salowerera. Izikhala yopyapyala moti zilembo zizioneka kuseri kwa silaidi.

Wachitatu: Ine ndimaika Staphylococcus aureus, bakiteriya wa Gram positive, pambali, pa silaidi yomweyo. Onse akatuluka apepo, ndimadziwiratu kuti alcohol wachepa.

Wofunsa: Zikomo. Nanga safranin, utoto wapinki womaliza uja, azikhala nthawi yaitali bwanji?