Nkhope zikumada ndikajambula panja, vuto ndi kamera?

Wa_ku_Ndirande:
Abale ndithandizeni, ndikujambula kafilimu kakafupi koma ndikajambula panja masana nkhope zikumatuluka zakuda bii maso osaoneka pomwe kumwamba kwayera mbuu, kodi ndigule kamera ina?

Mjambuli265:
Kamera ilibe mlandu achimwene, vuto ndi dzuwa la 12 koloko limenelo, limachokera pamutu ndiye mthunzi umagwera m'maso. Jambulani m'mamawa kapena likapendeka cha m'ma 4 koloko, dzuwa likhale kumbuyo kwa munthu kenako mubwezere kuwala kunkhope ndi reflector (chinthu chowala chobwezera kuwala), ngati mulibe ngakhale nsalu yoyera imagwira ntchito. Khungu lathuli limakongola ndi kuwala kofewa kochokera pa chinthu chachikulu, osati kulithira getsi lamphamvu pamphumi ayi.

Nachisale_Zomba:
M'nyumbanso muzisamala, babu ya tungsten (yakale ija ya kawaya m'kati) imatulutsa kuwala kwa orenji, 3200K pa muyezo wa mtundu wa kuwala, pomwe kuwala kwa pawindo ndi kwa buluu, cha m'ma 5600K, mukasakaniza munthu amaoneka wa orenji mbali ina wa buluu mbali inayo. Magetsi athu ndi a 50Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi) ndiye pa kamera ikani 25fps (zithunzi 25 pa sekondi), shutter (nthawi yomwe kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) 1/50 ya sekondi kuti chithunzi chisamaphethire.

Mjambuli265:
Zoona asisi. Ine chimene chimandiwawa ndi choti ndalama zonse timathera pa kamera, woyang'anira zowunikira palibe, mapeto ake siini ya maliro ndi ya ukwati zimawala chimodzimodzi pomwe mthunzi nawonso umanena nkhani. Kaonereni filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, Dick Pope anaijambula konkuno ku Malawi ndi dzuwa lathu lomweli, muone m'mene nkhope zikuonekera m'kati mwa nyumba zamdima zija.

Wa_ku_Ndirande:
Zikomo kwambiri akuluakulu, Loweruka ndiyesa ya nsalu yoyerayo.