Lenzi yotakata yojambulira m'nyumba komanso mapiri: ndigule iti?

Gologolo
Abale thandizeni, mutu waima. Ndili ndi kamera ya Canon 6D ndi lenzi ya 24-105mm basi. Kasitomala wa nyumba za lendi wabweza zithunzi, akuti zipinda zikuoneka zopanikizika, kubafa akungoona sinki ndi theka la chitseko. Pa 24mm ndimabwerera mpaka msana kugunda khoma, kopita kulibenso. Ndikufuna lenzi imodzi yogwira m'nyumba, komanso yoti ndizinyamula kumapiri ndi kumathithi. M'maganizo muli 16-35 f/4 IS (IS ndi yochepetsa kugwedezeka kwa manja), 17-40 yakale ija, kapena ndingolimba mtima pa 11-24. Wina akuti popanda f/2.8, lenzi yotseguka kwambiri yolowetsa kuwala kochuluka, ndataya ndalama. Ndalama zake ndi za lenzi imodzi, musandiuze ziwiri chonde. Ntchito ina ikubwera sabata yamawa.

Kadzidzi
16-35 f/4, nkhani yatha. F/2.8 mukaigwiritsa ntchito pati? M'nyumba muli pa tripod, ISO 100, f/8, shutter ikhale yaitali mmene ifunira, mipando sithawa. Kumapiri ndi f/8 kapena f/11. F/2.8 ndi ya ojambula nyenyezi usiku ndi a maphwando, inu mungolipira kulemera kwake. Pa 24mm mukutenga madigiri 74 chopingasa, pa 16mm pafupifupi 97. Mukangodutsa 90 ndiye kuti mukaima pakona chipinda chonse chalowa. 17-40 ndi ya 2003, ilibe IS, ndipo m'makona imafewa mpaka mutatseka aperture (kabowo kolowera kuwala) ndithu. 16-35 f/4 ndi ya 2014. Zonse ziwiri kukamwa ndi 77mm ngati 24-105 yanuyo, mafyuluta amene muli nawo akwana.

Njobvu
Zoom si lenzi yojambulira nyumba. Tengani TS-E 17mm, lenzi ya shift, yomwe imasuntha m'mwamba, pansi kapena cham'mbali kamera ili pomwepo. Kamera mwaiimika chilili, mwakweza shift, denga lalowa, makoma ali njo. Ili ndi 12mm ya shift. Zinazo mukungozungulira.

NaMvula
A Gologolo, 11-24 muiganizire kawiri. Galasi lake lakutsogolo ndi lotumphuka, mulibe mazinga omangirapo fyuluta. Pa mathithi mukufuna ND, fyuluta yochepetsa kuwala, kuti madzi aoneke osalala, ndiye mudzafunika holder yapadera ndi mafyuluta akuluakulu a makona anayi aja, ndalama zinanso. Kulemera kwake kupitirira kilo, mukakwera nayo phiri mudzandikumbuka.

Koma chachikulu si chimenecho. Ine ndinagwirapo ntchito ndi mnzanga wina wokonda kujambula chilichonse pa 12mm. Tinajambula khichini ya nyumba ya alendo. Wotchi yozungulira ya pakhoma inagwera m'mbali mwa chithunzi, inatuluka ngati dzira. Filiji inanenepa, tebulo la anthu anayi kuoneka la anthu khumi. Mwini wake poyamba anasangalala, akuti nyumba yakula. Alendo atayamba kufika ndi kudandaula kuti chipinda si chomwe anaona pa intaneti, foni inalira kwa ife. Tinakajambulanso ulere. Ndipo kutamuka kumeneko profile ya lenzi ya mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, sikuchotsa, chifukwa si vuto la lenzi. Lenzi iliyonse yosunga mizere yowongoka imakoka zinthu za m'mbali ikatakata chonchi, ngakhale yodula bwanji.

Njobvu
N'chifukwa chake ndikunena 17 ya shift. Simufika ku 12 konse.

NaMvula
Akulu, 17mm ndi 17mm, kaya ili ndi shift kaya ilibe. Mukakankha shift mpaka kumapeto ndiye kutamuka kumawonjezeka, chifukwa mukugwiritsa ntchito m'mphepete mwenimweni mwa galasi.

Mphamba
Musanagule kalikonse, taonani kaye zithunzi zomwe zabwezedwazo. Mafelemu a zitseko aima chilili kapena apendekera m'kati? Ndikufunsa chifukwa ambiri akagula 16mm amabweranso kuno kudzalira kuti lenzi ikugwetsa makoma. Chogwetsa makoma ndi kupendeketsa kamera. Mukailozetsa m'mwamba pang'ono chabe kuti denga lilowe, mizere yoima imakumana kumwamba. Mukailozetsa pansi imakumana kumunsi. Pa 24mm zimakhululukika, pa 16mm digiri imodzi kapena awiri aonekeratu.

Ndipo dziwani kuti level ya m'kati mwa 6D imangoona kupendekera kumanja ndi kumanzere, za kutsogolo ndi kumbuyo siidziwa. Pezani ka level kamadzi kolowetsa pa hot shoe, polowera flash pamwamba pa kamera. Kamera itsike, ikhale cha pachifuwa kapena kutsikirapo, osati pamaso panu mutaima. Kukhichini kokha ikwereko kuti pamwamba pa makabati apansi pazioneka. Mukaimika bwino, pansi ndi denga zimagawana chithunzi mwaulemu.

Upright ya Lightroom imawongola inde, koma imadya m'mbali. Siyani malo pojambula, apo ayi mudzapeza mwendo wa bedi wadulidwa.

Njobvu
Ndiye mwagula mapikiselo 20 miliyoni kuti muzikataya pa kompyuta? Ndi shift simudula kanthu. Ndakhala ndikunena.

Gologolo
A Mphamba mwalasa, zitseko zapendekadi pang'ono. Koma bafa lija ngakhale nditaimika bwanji pa 24 silikwana. A Njobvu, TS-E ndaiona, mtengo wake ndi wina, komanso kumapiri ndikatani nayo? Polarizer yanga ya 77mm, fyuluta yochotsa kunyezimira ija, ikwanapo?

Kadzidzi
Sikwana. TS-E 17 nayonso galasi lake ndi lotumphuka, mazinga ilibe. Focus ndi yapamanja. Ndi 17mm yokhayokha, pamene zithunzi zambiri za pabalaza ndi kuchipinda chogona zimakoma pakati pa 20 ndi 24, 16 ndi ya mabafa ndi makonde opanikiza. Kwa munthu wojambulira akatswiri olemba mapulani a nyumba, amene amayeza mzere uliwonse, a Njobvu akunena zoona. Kwa nyumba za lendi zipinda khumi tsiku limodzi, mudzatuluka usiku.

Njobvu
Focus yapamanja pa 17mm f/8 ndi vuto? Mwaika pa mamita awiri, zonse zili mbee. Ndipo kumapiri shift kumanzere, pakati, kumanja, mwalumikiza, panorama yatuluka yopanda msoko. Mitengo siigwera m'kati. Anthu mumaopa lenzi imeneyi musanaigwire n'komwe.

Kalulu
Pepani kulowerera. Ine ndili ndi kamera ya Canon 80D, vuto ndi lomweli. Nditenge 16-35 yomweyo?

Kadzidzi
Ayi achimwene. Sensa yanu ndi ya crop, yaing'ono kuposa ya full frame ya mu 6D, choncho mamilimita a lenzi chulukitsani ndi 1.6. 16 ikhala ngati 25 ndi kanthu, mwabwerera pomwe a Gologolo akulira. Inu yanu ndi EF-S 10-18, pa 10 ndiye 16 ya full frame. Ndi yopepuka, IS ili nayo. Koma a Gologolo musatengeke nayo, EF-S silowa pa 6D.

NaMvula
Za polarizer zija, ngakhale pa 16-35 pomwe ikwane, samalani nayo kunja. Imagwira kwambiri mbali ya thambo yomwe ili madigiri 90 kuchokera kudzuwa, kwina imagwira pang'ono. Lenzi ikutenga thambo lalikulu chonchi, mumapeza chigamba chakuda bii pakati, m'mbali mowala. Kuchikonza pa kompyuta ndi chintchito. Ine ndimaiika pa masamba onyowa, pa miyala ya m'madzi, ndi m'nyumba pochotsa kunyezimira kwa matailosi ndi matebulo agalasi. Pa thambo loyera ndimaichotsa. Ikhalenso ya felemu yopyapyala, ndipo mukasanjikiza ND ndi polarizer pa 16mm makona ada.

China, musayembekeze kuti phiri likula. Pa 16mm phiri lomwe likukuopsani ndi maso limasanduka kachulu kumapeto kwa chithunzi, theka lonse ndi thambo, theka udzu. Pafunika chinthu pafupi, mwala, duwa, muzu wa mtengo, kamera pansi mpaka mawondo ade. Mapiri ambiri abwino ine ndawajambula ndi 70-200. 24-105 yanuyo musaigulitse.

Mphamba
Ndipo musathamangire f/22 poti zonse zikhale zakuthwa, diffraction imafewetsa chithunzi chonse ndipo fumbi la pa sensa limatulukira lonse pathambo.

Lenzi ikafika, makamaka ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, iyeseni tsiku lomwelo. Khoma la njerwa, tripod, f/4, yerekezani makona anayi onse. Ine inandipezapo ina, kumanzere chakuthwa, kumanja phala, galasi lina m'kati linasuntha. Wogulitsa anakana kuti inagwapo, koma pa mazinga panali kachizindikiro kophwanyika. Ndinazindikira nditajambula kale nyumba yonse, mashelefu a mabuku onse a kumanja osawerengeka.

Kalulu
Zikomo a Kadzidzi. Nanga mawindo mumatani? Ine chipinda chikawala bwino, windo limapsa loyera, kunja osaoneka.

Kadzidzi
Bracketing, zithunzi zitatu kapena zisanu motalikirana ma stop awiri, n'kuphatikiza. Kapena flash yowombetsa kudenga, exposure mwatengera kunja. Koma denga likhale loyera, likakhala lamatabwa chipinda chonse chifiira. Magetsi a m'nyumba muzimitse ngati mungathe, kusakaniza mababu achikasu ndi kuwala kwa dzuwa ndi mutu wina.

NaMvula
HDR, kuphatikiza zithunzi kongodina batani kuja, ayi chonde, makoma oyera amatuluka otuwa ngati mwadutsa utsi. Ndipo kubafa yang'anani galasi loonera ndi mipope yonyezimira, pa 16mm tripod ndi miyendo yanu zimalowa osadziwa.

Njobvu
Galasi la kubafa ndiye ntchito ya shift imeneyo. Kamera mwaiika pambali pomwe sikuoneka, shift cham'mbali, galasi labwera pakati, inu mulibemo. Zoom ichite zimenezo tione.

Kalulu
Flash yake imodzi ikwana pabalaza lalikulu, kapena mpaka ziwiri? Ndili ndi ka flash kamodzi ka speedlite, kopanda trigger yoiyatsira patali ndi kamera.