Za kusuntha kwa makontinenti zija, mwana wamvetsa

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingafotokozere mwana wanga mfundo ya wasayansi wa ku Germany, Alfred Wegener, ya 1912, yoti makontinenti onse anali mtunda umodzi, Pangaea.

Ndinatsatira malangizo odula mapu ndi sizasi. South America analumikizana bwino ndi Africa, makamaka titadula motsatira madzi osaya a m'mphepete, osati gombe lenilenilo. Koma chomwe chinamugwira mtima ndi Mesosaurus, kanyama konga buluzi komwe mafupa ake amapezeka ku South America ndi kumwera kwa Africa kokha. Kakanawoloka bwanji nyanja ya Atlantic yonse ija, makontinenti awiriwa akanakhala kuti sanali olumikizana?

Konzekerani funso lakuti, "Nanga chimawakankha n'chiyani?" Wegener nayenso linamusowetsa yankho logwira mtima, ndipo asayansi ambiri anadzavomereza mfundoyi m'ma 1960 atapeza kuti pansi pa nyanja pamatambasuka.